Mawaya Akuda Akhale Pakati

Fordsburg, Joni
7 Seputembala 1997

Okondedwa amake Khadija,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana. Ine kuno ndilipo, kungoti kachifuwa ka m'nyengo yozizira kakukanirirabe, ndipo msana watopa ndi kuwerama patebulo tsiku lonse.

Kalata yanu Abudu wa thiransipoti wandipatsa. Ndiye kuti kompyuta ija yafika yamoyo! Mtima unali m'mwamba, Ajira, chifukwa Abudu katundu wa anthu amangounjika, njinga pamwamba, mapoto pansi, chosasweka ndi mwayi wake. Musaione kukalamba. Ndinailumikiza ndekha kuchokera ku makompyuta akufa amene bwana anataya kuseri kwa shopu, ndipo chilichonse chili m'katimo chinadutsa m'manja mwangamu.

Ndakondwa kuti kachipinda ka pa boma kaja, koyandikana ndi atelala, mwakapeza ndipo magetsi alimo. Taipi imene munaphunzira ku ofesi ya kukampu, muja munkabwera kudzatigulitsa usipa ife othawa nkhondo, anthu ankati mukutaya nthawi. Lero aphunzitsi akuima pakhomo panu ndi mayeso a ana. Pa mtengo musamachite manyazi. Tsamba limodzi K10, wachibale ndi mlendo chimodzimodzi, chifukwa riboni ya pulinta nayo timagula.

Kasamalidwe kake nkosavuta. Mukamaliza ntchito muzizimitsa bwinobwino monga ndinalembera pa kapepala kaja, kenako muzizula pulagi kukhoma. Kukayamba mabingu, kapena babu akayamba kufiira ngati akufuna kuzima, siyani ntchito ngakhale kasitomala akhale wachangu chotani. Tiyi ndi madzi zikhale kutali ndi kiyibodi, ndipo Khadija azingoonera ndi maso. Fumbi la ku Mangochi ndimalidziwa, ndiye mukaweruka muziifunditsa kansalu.

Za amalume anu Che Sumani ndamva. Akuti mkamwini weniweni amaoneka kumunda ndi khasu, osati kutumiza wailesi ya kanema yosaonetsa ndi mpira womwe. Ndaseka, komanso zandiwawa. Sindiwada ayi. Mbumba ndi yawo, ndipo anakulolani kuchoka ku Lungwena monyinyirika. Koma akumbuke kuti nkhondo itatha anzanga onse anakwera malole kubwerera ku Mozambiki, ine ndinatsala chifukwa cha inu. Kwanuko ndilibe munda, ndilibe ngalawa, ngakhale mbale wondiyankhulira pa bwalo. Chimene ndingalime nacho ndi chomwe chili patebulo panucho.

Ndatumiza R150. Mulipire lendi, yotsala mugulire Khadija nsapato. Saizi yake sindikuidziwa, paja ndinamusiya akuyamwa. Moni kwa amayi ndi onse a ku Lungwena.

Ine wanu,
Eduardo

Fordsburg
26 Okutobala 1997

Amake Khadija,

Mtendere ukhale nanu. Za malungo a mwana ndamva, ndipo ndathokoza Mulungu kuti wayamba kudya. Ine ndili bwino pang'ono.

Za kufa kwa kompyuta ndamva. Mwati munali pakati pa mayeso a Sitandade 7, kunangomveka kuti phu, kenako fungo la pulasitiki yopserera, basi zii. Musalire. Makina amafa ndithu, ndipo ine kuno ntchito yanga ndi yodzutsa akufa oterewa kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Chitani izi. Bwerekani ayironi ya atelala muyese pa soketi yomweyo, tione ngati magetsi akufika. Ngati akufika, sinthanitsani zingwe. Cha sikirini ndi cha bokosi nzofanana, ndiye cha sikirini chilowe kubokosi. Mukayatsa, ikani dzanja kumbuyo kwa bokosi, chakumtunda, pamene pali timazenera. Pamenepo pali fani, imayenera kutulutsa mpweya wofunda. Ngati mpweya palibe, ndipo kanyali kobiriwira ka kutsogolo sikakuyaka, ndiye kuti chafa ndi pawa sapulayi.

Pawa sapulayi ndi kabokosi kachitsulo kali m'kati mwa bokosi lalikulu, komwe chingwe cha kukhoma chimalowera. Magetsi a kukhoma ndi aukali, ndiye iko kamawafewetsa nkumagawira ziwalo zina zonse, chilichonse mlingo wake. Kakafa, zonse zimaoneka zakufa, chonsecho zangosowa chakudya. Zimene munataipa nkusunga zikadalimo, sizinafufutike.

Chikundidabwitsa nchakuti kameneko ndinasankha kabwino, ndinakayesa ndekha. Tandiuzani zoona. Bokosilo munaliika pati, ndipo linali lotani pamene linkazima? Magetsi anavutako tsiku limenelo? Musandibisire, sindikukalipirani.

Chinthu chimodzi ndikuletsa. Pasapezeke munthu wotsegula kabokosi kameneko, kaya akhale katswiri wotani. Kamasunga moto m'kati ngakhale mutazula pulagi, ndipo sikaseka ndi munthu.

Kuno kwatentha, koma ine malaya a manja aatali sindivula. Mukuchidziwa chipsera cha katemera chili pamkono pangapa, m'munsi mwa chigongono, momwe ankatitemerera ife obadwira ku Mozambiki. Apolisi a vani akakuimitsa pamsewu safunsa zambiri, amangoti pinda malaya. Mnzathu wina wa m'chipinda chathu anapita kokagula buledi sabata yatha, mpaka lero chikwama chake chili pamwamba pa wodulopu. Izi musawauze amayi.

Mwezi uno ndatumiza R100 yokha. Bwana wandidula chifukwa cha sikirini imene inandipulumuka m'manja, ngakhale inali yakufa kale. Ndinangoti zikomo, ndikanatani.

Wanu,
Eduardo

Fordsburg
23 Novembala 1997

Amake Khadija,

Ndikuyamba ndi moni ngakhale mtima sunakhale pansi. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ine chifuwa chatha, chatsala ndi kutopa.

Bulangete, Ajira! M'mwezi wa Okutobala, ku Mangochi, kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa! Ine ndinati kansalu mukaweruka. Inu mwatenga bulangete lolemera lija ndinakutumizirani chaka chatha, mwakulunga bokosi lonse, pamwamba chitenje, nkulikankhira pansi pa tebulo mpaka kukhoma, likugwira ntchito tsiku lonse momwemo. Fani ija inkapumira pati? Inu munthu atakukulungani chonchi nkukuuzani kuti sinjani, mungathe?

Ndinati sindikukalipirani, ndipo ndakalipa. Pepani. Ndaika cholembera pansi, ndakasamba kumaso, ndabwerera.

Ndikumvetsa. Mwati ena ankabwera osati kudzataipitsa koma kudzasuzumira, mayi wina anachita kufunsa kuti munachipeza ndi mankhwala anji, ndipo amayi anati chinthu chamtengo sichikhala pambalambanda chifukwa maso a anthu amaononga. Ngakhale amayi anga malemu, wailesi yathu inkakhala m'nsalu pansi pa bedi, inkatuluka pa nkhani zokha. Munachita mmene tonse tinakulira. Koma kompyuta imapuma, ndipo yathuyi inafa ndi kubanika, osati ndi diso la munthu.

Za Howard wa mawailesi sindikufuna kunena zambiri. Mwati Che Sumani ndi amene anabwera naye kalata yanga isanafike, iye nkutsegula kabokosi, nkumanga waya m'malo mwa fyuzi, utsi nkutulukanso. Tithokoze kuti ali moyo. Tipemphere kuti utsiwo unathera m'kabokosi momwemo, sunafike pa bolodi lalikulu la m'kati, limene ziwalo zonse zimalumikizidwapo, chifukwa ngati bolodi lapsa ine ndagwira pansi. Asaikhudzenso.

Tsono mawu a amalume anu. Ndawawerenga mobwereza kuti ndisawanamizire. Akuti anakulolani kukhala pa boma chifukwa makina ankakudyetsani. Ndiye ikafika Idi yomasulira Ramadani popanda ine mwini wake kuoneka kapena makina kuyaka, ankhoswe akhala pansi, ukwati uthe, inu mubwerere ku Lungwena. Za bambo wa boti la injini wa ku Nkhudzi, amene wayamba kuwatumizira chambo amalumewo, simunalembe inu, wandiuza ndi Abudu. Sindikufunsani kanthu. Ndikungoti ndikudziwa, ndipo ndikuopa.

Kubwera sindingathe. Mapepala anga mukudziwa mmene alili. Ndikatuluka dziko lino sindidzalowanso, ndipo ndingafike kumeneko ndi chiyani? Ndiye atsala ndi makina. Ma pawa sapulayi akale ali m'shopu muno sindikuwakhulupirira, onse ngotopa ngati ine ndemwe. Ndigula katsopano, ndi R190, choncho Disembala musayembekezere ndalama. Eni nyumba muwapemphe adikire. Pulinta musagulitse ngakhale wina abwere ndi mtengo wokoma.

Pakadali pano bokosilo litulutseni m'bulangete, mulipukute kunja kokha ndi kansalu kouma. Mumpsompsone mwana.

Wanu,
Eduardo

Fordsburg
14 Disembala 1997

Okondedwa Ajira,

Asalamu aleikumu. Ndili bwino, kaya inu ndi mwana. Abudu akunyamuka mawa, ndiye ndikulemba ndili chiimire.

M'katoni muli pawa sapulayi yatsopano, ndaikulunga m'juzi yanga. Mulinso sikuludiraiva ya sitaa, madisiketi, ndi kadiresi ka Khadija ka pa Idi. Ndamuuza Abudu kuti katoniyi ikhale pamiyendo pake mpaka pa mlatho wa Mangochi, akaiika ku thirela tidana.

Muika ndinu. Osati Howard, osati amalume, osati mphunzitsi wina aliyense wodziwa Chingerezi. Manja amene amalowetsa ulusi pa singano sangalephere izi. Werengani kalatayi yonse kaye musanagwire kanthu, ndipo musankhe m'mawa kukuwala bwino, mutseke chitseko.

Zulani pulagi kukhoma ndi zingwe zonse za kumbuyo. Vulani zibangili ndi mphete, pindani manja a malaya mpaka m'zigongono kuti nsalu isakole kanthu, ndi mmene timagwirira ntchito ife. Imani pasimenti opanda nsapato. Masulani masikuluu a chivundikiro, muwaike m'mbale kuti asagubuduke. Musanalowetse dzanja m'kati, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo, chifukwa m'thupi mwa munthu mumakhala timagetsi tobisika timene timapha tizipangizo ting'onoting'ono.

Mukaona mawaya ambirimbiri musachite mantha. Onse ochokera m'kabokosi kakufako ndi amene tikuchotsa. Pemphani ulusi wamitundumitundu kwa atelala. Musanazule pulagi iliyonse, mangani kaulusi pa pulagiyo ndi kena ka mtundu womwewo pafupi ndi pamene yachokera, kuti muziona kuti katsopano kafuna kulowa pati ndi pati. Pozula gwirani kamutu koyera, osakoka mawaya. Zikalimba gwedezani pang'onopang'ono. Pali chingwe china chakuda chonenepa chopita ku batani loyatsira kutsogolo. Chimenecho musachisule, ingomasulani batani lonse ndi timasikuluu take. Katsopanoka ndakamangirira kale batani lake.

Kumbuyo kuli masikuluu anayi ogwira kabokosiko. Dzanja lina likachirikize m'kati pamene mukumasula lomaliza, kasagwere pa bolodi. Kakachoka, tengani pampu ya njinga mupope fumbi lonse lituluke. Osapemerera ndi pakamwa, malovu amaononga, ndipo madzi asayandikire. Ngati muli abuluzi kapena mphemvu, asamuke.

Lowetsani katsopano mmene kanakhalira kakale, fani iloze kunja, mumange masikuluu aja. Timapulagi toyera ta mawaya anayi timalowa mbali imodzi yokha. Kakakana katembenuzeni, osakakamiza.

Tsono apa tcherani khutu, apa ndi pamene pali ukwati wathu. Pali mapulagi awiri ofanana opita pa bolodi lalikulu, amakhala moyandikana pa mzere umodzi. Amenewa atha kulowa mosemphana ndipo sakana. Yang'anani mitundu ya mawaya. Mawaya akuda a pulagi iyi ndi akuda a pulagi inayo akumane pakati. Akuda pakati, Ajira. Akakhala m'mphepete, mukangoyatsa bolodi lapsa, ndipo palibenso chimene ndingatumize Idi isanafike. Yang'anani, tulukani panja mupume, mubwerere muyang'anenso.

Kumbuyo kwa kabokosi kuli kaswichi kofiira kolembedwa 230. Ndamatapo tepi. Aliyense woti akasunthe mumumenye dzanja, ngakhale akhale shehe.

Poyatsa koyamba chivundikiro chikhale chotsegula, chala chanu chikhale pa swichi ya kukhoma, mphuno ikhale tcheru. Mukamva fungo zimitsani msanga. Fani ikazungulira nkumveka kulira kamodzi kuti pii, ndiye kuti tapulumuka. Mukatero tsekani, muike bokosi pamwamba pa tebulo, kumbuyo kwake kutalikirane ndi khoma, lopanda chofunda chilichonse. Ofuna kuyang'ana ayang'ane mpaka maso awawe. Mwezi uliwonse muzipopa fumbi, ndipo ntchito za anthu muzizisunganso pa disiketi.

Ndatopa, koma lero mtima wapepukako. Mundiyankhe ndi Abudu yemweyu pobwerera. Ramadani ikuyandikira, mundikumbukire m'mapemphero.

Mwamuna wanu,
Eduardo

11 Januwale 1998

Ajira,

Moni. Ndili moyo, musadandaule kwambiri. Pepani pensulo ndi pepala lotereli, ndi zimene zapezeka. Kalatayi ndapatsira bambo wina wa ku Balaka amene akumutumiza kwawo, walonjeza kuti akaiponya akafika.

Apolisi anandigwira Khirisimasi isanafike. Ndinali ndi kompyuta yotsegula patebulo, manja a malaya nditapinda monga mwa ntchito. Bwana anakuwa kuti ndithamange panja, kasitomala waima pakati pa msewu ndi makina m'galimoto. Ndinathamanga momwemo. Vani inali itaima pakona.

Ndinawauza kuti kwathu ndi ku Mangochi, mkazi ndi mwana ali komweko. Ndinayankhula Chichewa, ndinayankhula Chiyao. Mmodzi anangondigwira mkono nkuukweza m'mwamba kuti anzake aone, onse nkuseka. Bwana sanabwere kudzandiona. Tili ambiri m'chipinda chimodzi, zina ndidzakuuzani pamaso kapena sindidzakuuzani. Kusala chaka chino sikukuvuta, chakudya chake nchochepa kale.

Akuti sitima yathu ndi yopita ku Mozambiki, kummwera, kumene sindinapondeko chibadwire. Musalembenso ku Fordsburg.

Kodi kompyuta inalira? Funso limeneli ndi limene likundidya kuposa nsabwe za muno. Idi yatsala pang'ono, ndipo ndilibe adiresi yoti mundiyankhirepo.

Eduardo

Beira
22 Febuluwale 1998

Amake Khadija,

Mtendere ukhale nanu, kulikonse kumene kalatayi ikupezeni, pa boma kapena ku Lungwena. Ine ndikuyenda, miyendo yatupa pang'ono koma ikugwira.

Anatitsitsa pa malire nkutiuza kuti mwafika kwanu. Kwathu kwake kuti? Chiyankhulo cha kumeneko sindimva, Chipwitikizi changa ndi cha mwana wa sukulu, chinathera m'kampu. Ku Joni ndinali wa ku Mozambiki, kuno akunditcha Mmalawi. Ambiri amene tinatsika nawo anapuma pang'ono nkubwerera kukadumpha waya. Anandiitana, ndipo ndinaima nthawi yaitali ndikuyang'ana njira imeneyo. Kenako ndinayang'ana kumpoto.

Ndikuyenda ndi malole. Ndimakweza matumba, iwo nkundikweza ine, akakhota ndimatsika nkudikira ena. Kuno ku Beira ndakhalitsa chifukwa mwini sitolo wina anali ndi kompyuta yomangozima yokha. Nditatsegula ndinapeza fumbi lokwana kudzala chimanga, fani itagwidwa. Ndinapopa, ndinadontheza kamafuta ka makina osokera, inayaka. Wandipatsa pogona kuseri ndi chakudya, ndipo akuti lole yake ya ku Mocuba ikadzanyamuka ndidzakwere.

Idi inandipeza panjira, ndinaswali ndi anthu osawadziwa pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lonse ndinkaona Che Sumani atakhala pa mkeka ndi ankhoswe. Mwinanso katoni ija sinafike. Mwinanso Howard anapsereza bolodi kalekale, ndipo ndinakuvutitsani pachabe. Nthawi zina ndimadzidzimuka ndikuganiza kuti ndinalemba mosemphana, kuti ndinati ofiira pakati. Ndinati akuda, si choncho?

Ngati ankhoswe anakhala, sindikuimbani mlandu. Munadikira mokwanira munthu amene ankangotumiza mapepala ndi zitsulo. Ndingopempha kuti ndikafika mundilole ndimuone mwana, ngakhale pa msewu. Ndalama ndilibe yoti nditumize, ndipo manyazi andigwira.

Ndikulowera ku Mandimba, njira ya kumeneko ndiye ndimaidziwa.

Eduardo

Mandimba
6 Meyi 1998

Okondedwa mkazi wanga,

Asalamu aleikumu. Ndili pafupi, kuseri kwa malire kwenikweniku. Ndawonda, mano awiri anatsala m'njira, koma ndili bwino. Kalatayi akupatsani ndi Che Amida a ku Lungwena, ogulitsa usipa aja.

Ndinafika kuno masabata apitawo, koma kuwoloka kunkandikanika. Ndinkaopa kukamva. Ndakhala ndikunyamula katundu pamsika, ndipo dzulo ndinanyamula matumba a Che Amida osandizindikira. Pofuna kundilipira anamasula kansalu kawo, munali pepala la kalabu yawo ya ogulitsa nsomba, lotaipa. Mzere uliwonse unali ndi kanjira koyera kodutsa pakati pa zilembo. Pulinta yathu ili ndi singano imodzi yothyoka, ndinalephera kuipezera ina, ndipo kalembedwe kake ndingakadziwe pakati pa mapepala chikwi. Deti lake linali la mwezi wathawu.

Ndinafunsa kuti, "Amayi, pepalali anakutaipirani ndani?"

Iwo anati, "Iii, ndi mwana wa kwathu, ali pa boma pafupi ndi atelala. Amuna ake ndi injiniya wamkulu ku Joni. Nanga iwe zikukukhudza chiyani, sukuona matumba akudikira?"

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi. Atandiyang'anitsitsa anagwira pakamwa nkuti, "Che Eduardo, ndinu? Mwatani?"

Andiuza zonse. Akuti m'kati mwa Ramadani munatulutsa amalume ndi Howard panja, nkukhoma chitseko. Atelala anaimitsa makina awo kumvetsera. Kunali zii nthawi yaitali, kenako kunamveka pii, kenako nthungululu yanu. Ndinalira pamsika pamaso pa anthu, Ajira, ndipo sindinachite manyazi. Ankhoswe akuti sanakhale. Che Sumani tsopano amakhala pa benchi pakhomo panu kundandalitsa makasitomala, nkumati mkamwini wanga uyu, mkamwini wanga uyo, ndipo atuma Abudu kuti ndiwatumizire kompyuta ina ya mdzukulu wawo.

Ndiye kuti sakudziwa zoti ndinagwidwa. Abudu sangalephere kukuuzani kuti ndinasowa, ndipo mwina makalata anga anakupezani. Mwasenza zimenezi nokha miyezi yonseyi, mukutaipa makalata a anthu nkumayankha kuti bambo ali bwino ku Joni. Sindikudziwa kuti ndingakuthokozeni bwanji.

Ndikuuzeni zoona, maganizo anandibwerera oti ndibwerere kummwera. Injiniya wa ku Joni akukusungirani ulemu, pamene munthu ali panoyu ali ndi thalauza limodzi ndi patapata zosiyana mitundu. Ndikafika, amalume aona okha, ndipo pa benchi paja mwina achokapo. Koma ndatopa, Ajira. Ndatopa ndi kugona m'zipinda za eni, ndatopa ndi kukhala mwamuna wa m'makalata. Ndikufuna kubwera kunyumba. Kompyuta yachiwiri kulibe, muwauziretu kuti asadzadzidzimuke pagulu. Akafuna kuitana ankhoswe aitane, ulendo uno ndidzakhalapo ndekha kudziyankhira. Inu muzitaipa, ine ndizipopa fumbi ndi kukonza za ena, pa boma makompyuta sangakhale athu okha.

Che Amida andibwereka ya matola. Loweruka ndiwoloka pa Chiponde, ndifika dzuwa lisanapendeke. Musaphe nkhuku, musauze anthu ambiri.

Khadija yekha mumukonzekeretse. Mumuuze kuti kubwera munthu wowonda, wandevu, wopanda chikwama. Asathawe, ndi bambo ake.

Ine mwamuna wanu,
Eduardo